Zakulera ndinaziphunzira kwa amesho anga, osati m'kalasi

Ndinapita ku yunivesite Biology ili m'mutu. Pa MSCE ndinaikhoza bwino, moti mukanandipatsa choko ndikanakujambulirani chiberekero pa bolodi n'kutchula kachiwalo kalikonse m'Chingerezi. Koma mukanandifunsa kuti mtsikana achite chiyani kondomu ikaphulika usiku wa Lachisanu, ndikanangoti kukamwa yasa. Malangizo amene ndinanyamuka nawo kwathu anali amodzi, ochokera kwa mayi, kwa azakhali ndi kwa amayi a mvano: ukasamale ndi anyamata, kuno tikufuna digiri osati mdzukulu. Sindiwadandaula anthu amenewa. Iwonso analangizidwa chimodzimodzi, ndipo ankandifunira zabwino. Kungoti palibe mmodzi yemwe anandiuza kuti munthu amene walowa kale m'chibwenzi amadziteteza bwanji.

Ndikulembera inu amene muli m'makoleji panopa, kaya ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku Blantyre, ndi azing'ono athu amene mayina awo angotuluka kumene. Ine sindine namwino. Zachipatala zimene nditchule muno ndinazimva kwa anamwino amene anandithandiza, zina ndinachita kuzifufuza pambuyo pake, mantha atandiphunzitsa kufunsa.

Sabata yoyamba ma yearo, ife a chaka choyamba, tinasonkhanitsidwa mu holo. Kunabwera munthu wa ku kiliniki amene analankhula za HIV mphindi zochepa, anyamata akuimba malikhweru kumbuyo, ndipo katoni ya makondomu imene anasiya inatha tsiku lomwelo, ambiri atawasandutsa zibaluni. Basi maphunziro ake anathera pomwepo. Sikuti aliyense pa koleji amagonana ayi. Ndinali ndi anzanga a ku SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, amene anasankha kudziletsa mpaka anavala gauni, ndipo ndimawalemekeza kwambiri. Koma tisanamizane. Amene anagonapo ku hositelo akudziwa za kutumizidwa ku exile, mesho wako, mnzako wogona naye chipinda chimodzi, akalandira mlendo iwe n'kumazungulira ndi bulangete kusaka pogona. Akudziwanso zimene zimachitika pa social weekend mowa ukafika m'mutu, ndi m'mene ma conti, ophunzira akale aja, amathamangira atsikana atsopano semesita ikangoyamba.

Zimene tinkadziwa tinkangouzana tokhatokha, monong'ona. Ena amati ukangotha kugonana uthamangire kukakodza n'kusamba, ndiye kuti watetezeka. Ena amati Coca-Cola wosakaniza ndi asipirini amatsuka m'mimba. Kunali omwe ankakhulupirira kuti tsiku loyamba kugonana munthu sangatenge mimba. Anyamata ankadzitama kuti amadziwa kuthira kunja, atsikana tinkadalira kalendala ya pa foni. Ndipo pafupifupi tonse tinkagwirizana pa chinthu chimodzi: jakisoni, lupu ndi za pamkono ndi za azimayi apabanja, mtsikana wosabereka akaziyamba amauma. Tinali anthu oti tikulemba ma esei a masamba khumi, ena akuphunzira zaudokotala ndi zamalamulo, koma pa nkhani ya matupi athu tinkayendera mphekesera.

Chaka chachiwiri ndinapatsidwa chipinda chimodzi ndi mayi wina amene analowa kudzera pa mature entry. Anali mphunzitsi wa ku pulayimale, wa ana atatu, wochokera cha ku Ntcheu. Poyamba ndinakhumudwa, ndinkaona ngati andipatsa kholo loti lizindilondera. Ndinkawaitana kuti asisi, iwo ankangoti "iwe mwana". Ankadzuka mbandakucha kuwerenga, Loweruka lililonse ankachapa n'kuimbira ana awo foni nthawi yaitali, ndipo za chibwenzi changa sankandifunsa ngakhale ankachidziwa.

Mnyamata wanga anali wa chaka chomaliza. Tinkagwiritsa ntchito kondomu, ndipo pa chimenecho ndinkalimbikira. Usiku wina wa Lachisanu kondomu inaphulika, tinazindikira titatha. Iye anati ndisadandaule, ndipite ndikasambe, palibe chichitike. Ndinasamba. Loweruka lonse ndinagona chofunda kumutu, ndikuwerenga masiku pa foni, kuwerenga kuchokera uku, kuwerenganso kuchokera uko, yankho osalipeza. Lamulungu sindinapite kutchalitchi, nsima ya masana sindinaikhudze.

Madzulo asisi anakhala m'mphepete mwa bedi langa. "Iwe mwana, malungo si amenewa. Tandiuza." Ndinalira kaye, kenako ndinawauza. Ndinkayembekezera kuti andifunsa kuti ndi ndani, kapena kuti makolo ako anakutuma zimenezi kodi. Funso lawo linali limodzi: "Zachitika liti?" Nditati Lachisanu usiku, anawerenga ndi zala, n'kuimirira. "Vala nsapato. Nthawi ilipo koma yatsala yochepa." Ndinati, "Asisi, tikupita kuti usiku uno?" Iwo anati, "Kukagula mapiritsi apangozi. Mawa m'mawa kuchipatala, za PEP, mankhwala oteteza ku HIV. Kulira ukalira pobwera."

Tili pa kabaza kupita ku sitolo ya mankhwala m'tauni ndi pamene ndinayamba kumva zimene ndikanayenera kudziwa ndisanachoke kwathu. Mapiritsi olera apangozi, amene pa kampasi timangoti ma emergency ndipo ambiri amawadziwa ndi dzina loti Postinor-2, amagwira bwino ntchito akamwedwa msanga. Pasanathe maola 72 ndiye nthawi yake yabwino. Mpaka masiku 5 amathandizabe, koma mphamvu imanka icheperachepera, choncho tsiku loyamba limaposa lachitatu. Ntchito yake ndi kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke umuna udakali wamoyo. Sachotsa mimba imene yakhazikika kale, ndipo ichi ndikuchinena motsindika chifukwa atsikana ambiri opemphera amawaopa poganiza kuti ndi kutaya mimba. Ukasanza pasanathe maola 2 chimwereni, umayenera kumwanso ena. Msambo ukhoza kufulumira kapena kuchedwa pang'ono, koma ukachedwa kupitirira sabata, kayezetse mimba. Sakutetezanso pa kugonana kwa mawa lake kapena mkuja. M'zipatala za boma amaperekedwa ulere. Ife tinagula chifukwa linali Lamulungu usiku ndipo asisi sanafune kuti kuche ndisanamwe.

Lolemba m'mawa anajomba kalasi n'kundiperekeza kuchipatala. Munthu woyamba amene tinamupeza pawindo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena mokweza, anthu ali pa mzere, kuti, "Ana asukulu inu, m'malo mowerenga." Ndinatembenuka kuti ndizipita. Asisi anandigwira dzanja, n'kuyankha mofatsa koma mosanyengerera: "Bambo, kuwerenga akuwerenga. Tabwera kudzalandira thandizo, tilozereni chipinda." Anatilozera. M'chipindamo munali namwino wina, mayi wachikulire, amene anatseka chitseko, kundipatsa mpando, n'kuyamba ndi mawu oti, "Mwachita bwino kubwera, mwana wanga." Anandiyeza HIV kaye, chifukwa PEP ndi ya munthu amene alibe kachilombo. Kenako anafotokoza kuti PEP ndi ma ARV amene munthu amamwa masiku 28 osadumphitsa pofuna kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi, ndipo amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Ine ndinafika atatsala ochepa. Asisi akanapanda kundifunsa Lamulungu lija, ndikanadzuka Lachiwiri khomo limeneli litatsekeka.

Namwino uja anapempha kuti mnyamata abwere tiyezetsere limodzi. Ndinamuimbira, anati ali ndi kalasi. Asisi anatenga foni: "Achimwene, kalasi tonse tili nayo. Bwerani." Sanabwere. Apa m'pamene ndinazindikira kuti miyezi yonse ija ndinali ndi munthu amene sindinkadziwa m'mene magazi ake alili, ndipo mwina iyenso sankadziwa. Ndinamwa mankhwala aja masiku onse 28. Sabata yoyamba ankandipatsa nseru ndi kufooka, asisi ankandiphikira phala kuti ndimwere. Msambo unabwera. Tsiku limene anandilembera kuti ndikayezetsenso ndinapita, ndipo ndinapezeka ndilibe kachilombo. Chibwenzi chija chinatha mwezi womwewo, ndipo sindinachilire nthawi yaitali.

Patapita nthawi ndinadzamva kuti mawu a pawindo aja si nkhani ya khalidwe chabe, lamulo lilipo. Gender Equality Act ya 2013 imati wogwira ntchito zachipatala ayenera kupereka njira zolerera kwa aliyense amene wazifuna, kaya ali pabanja kaya ayi, kaya wabwera ndi mwamuna kaya ali yekha, ndipo azilemekeza ulemu wa munthuyo. Anamwino ambiri amene ndakumana nawo ndi anthu abwino, ogwira ntchito yolemetsa ndi zipangizo zochepa. Koma ukakumana ndi wolalata, usabwerere kunyumba. Pempha kuonana ndi wina, kapena funsa kumene kuli chipinda cha achinyamata.

Ndinawafunsa asisi kuti zonsezi anazidziwira kuti. Anaseka. "Ku sikelo, iwe mwana. Mwezi uliwonse tisanakweze ana, alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa, mpaka timaimba nyimbo zake." Yankho limeneli linandikhala pamtima mpaka lero. Mayi wa kumudzi amene analekeza Sitandade 5 amadziwa kusiyana kwa jakisoni ndi lupu, amadziwa tsiku lobwerera, amadziwa kuti akataya magazi mosalekeza apite kwa ndani. Mtsikana wa pa yunivesite sadziwa, chifukwa m'dziko muno nzeru zimenezi timazipereka munthu akabereka kale. Kafukufuku wa boma wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti amayi apabanja 58 mwa 100 alionse ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolerera, koma anapezanso kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Kwa ine manambala awiriwa akunena chinthu chimodzi: uthenga umafika, koma umafika mochedwa, ndipo umadutsa osakwatiwa.

Nditamaliza PEP ndinabwerera kwa namwino uja, ulendo uno ndekha, ndili ndi mafunso olemba pa pepala. Loyamba linali la kalendala yanga ya pa foni. Anandifunsa ngati msambo wanga umabwera tsiku lofanana mwezi uliwonse. Ndinati nthawi ya mayeso umasokonekera. "Ndiye foniyo ikudziwa bwanji kuti muli pa mayeso?" Anafotokoza kuti umuna umatha kukhala wamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5, ndipo tsiku lotuluka dzira limasuntha ndi nkhawa, matenda, ngakhale kusadya mokwanira, zinthu zimene pa koleji ndi za tsiku ndi tsiku. Kenako anandionetsa tchati cha bungwe la WHO chosonyeza kuti mwa amayi 100, ndi angati amatenga mimba pa chaka akamagwiritsa ntchito njira iliyonse m'mene anthu amaigwiritsira ntchito pa moyo weniweni, ndi kuiwala komwe. Osalera konse, pafupifupi 85. Othira kunja, pafupifupi 20. A kondomu, 13. A mapiritsi a tsiku ndi tsiku, 7. A jakisoni, 4. A lupu ndi a impulanti ya pamkono, osakwana ndi mmodzi yemwe. Nditaona 20 ija ndinakumbukira anyamata onse odzitama aja.

Anandiuzanso za ma emergency kuti kuwamwa kangapo sikuwononga chiberekero monga ena amanenera, koma si njira yoti munthu azidalira sabata ndi sabata: amalephera kawirikawiri kuposa njira zokhazikika, amasokoneza msambo mpaka sudziwanso pamene uli, ndipo ogula amathera ndalama ya ndiwo. Ndinkadziwa atsikana angapo amene Lolemba lililonse ankapezeka ku sitolo ya mankhwala. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'choti lupu ikaikidwa pasanathe masiku 5 chigonanireni mosadziteteza, imateteza mimba kuposa mapiritsi apangozi, kenako n'kupitiriza kukuteteza zaka 10 kapena kuposerapo.

Ine ndinasankha impulanti, imene amayi ambiri amangoti nopulanti. Mapiritsi ndinawakana chifukwa ndinkadzidziwa kuti nthawi ya mayeso ndimaiwala ndi kudya komwe. Jakisoni wa miyezi itatu ndinamuganizira, makamaka nditamva za Sayana Press amene ukaphunzitsidwa umatha kudzibaya wekha, koma ndinaona kuti tsiku lobayitsa lizindipeza ndili pa holide kumudzi kumene aliyense pa chipatala amadziwa mayi anga. Panali Jadelle ya zaka 5 ndi Implanon ya zaka 3, ndinatenga ya zaka 3. Amabaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi mkati mwa mkono chakumtunda, n'kulowetsa kandodo kakang'ono pansi pa khungu. Mphindi zochepa zatha. Anandigwiritsa chala kuti ndikamve pamene kali, n'kundiuza kuti tsiku lina ndikadzapanda kukamva ndidzabwere. Anandifunsanso ngati ndikumwa mankhwala a TB kapena a khunyu, chifukwa ena mwa amenewo, pamodzi ndi ARV yotchedwa efavirenz, amachepetsa mphamvu ya impulanti ndi ya mapiritsi. Musamabise mankhwala amene mukumwa akakufunsani.

Sindikunamizani kuti zonse zinayenda myaa. Miyezi yoyambirira msambo unasokonekera, ndinkangodontheza masiku ambiri, kusiya, kuyambiranso. Zinanditopetsa, ndipo ndalama ya ma pad inandivuta. Mnzanga wina ataona anati, "Ndinakuuza, zimenezi zikuwononga." Wina amene anali pa jakisoni vuto lake linali losiyana, msambo unasiyiratu, ndipo anthu ankamuopseza kuti magazi akuunjikana m'mimba. Tinapita limodzi kwa namwino. Iye anauzidwa kuti palibe magazi amene akuunjikana, mankhwala amangopangitsa kuti mkati mwa chiberekero musakhuthale, ndiye palibe choti chituluke. Ine anandipatsa mapiritsi omwa kwa kanthawi kuti kudontha kuchepe, n'kundiuza kuti zikapitirira kundisowetsa mtendere ndili ndi ufulu wochotsetsa n'kuyesa njira ina. Patapita miyezi thupi linazolowera.

Tsopano nkhani ya kuuma, imene ndikudziwa kuti ndi imene ikukugwirani mwendo ambiri a inu. Ili ndi pochokera. Munthu akasiya jakisoni, kubereka kumachedwa kubwerera, ena miyezi ingapo, ena mpaka chaka. Mayi amene wasiya jakisoni n'kukhala miyezi isanu ndi itatu osaima amayamba kuuza anzake kuti jakisoni wamuumitsa, ndipo akadzaima palibe amabwerera kukakonza mbiri ija. Impulanti, lupu ndi mapiritsi zilibe n'kuchedwa kumeneko. Ukasiya, thupi limabwerera msanga. Zimene zimatsekadi njira ya mazira n'kumusiya mkazi wosabereka ndi matenda opatsirana pogonana osachizidwa, monga chinzonono ndi chlamydia, amene mwa akazi nthawi zambiri sapweteka n'komwe poyamba, komanso kuchotsa mimba mwa njira zoopsa. Zimandiwawa kuti atsikana amathawa kulera poopa kuuma, n'kukagwera m'zinthu ziwiri zenizeni zimene zimaumitsa.

N'chifukwa chake impulanti sinandichotsere kondomu. Impulanti siidziwa HIV, siidziwa chindoko. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020-21 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 9 mwa 100 alionse m'Malawi ali ndi HIV, ndipo akazi ndi ochuluka kuposa amuna. Pa kampasi zibwenzi zimalukanalukana: uyu ali ndi MG1, chibwenzi chachikulu, kwawo ndi MG2, chachiwiri, ku hositelo, MG2 nayenso ali ndi bambo wa galimoto m'tauni. Mnyamata akangomva kuti uli pa njira yolera, mawu otsatira amakhala akuti, "Ndiye kondomu ya chiyani? Switi sadyera m'pepala." Kapena amakufunsa ngati sukumukhulupirira. Yankho limene ndinaphunzira ndi lakuti tiye tikayezetse limodzi, tione zotsatira tonse awiri. Masiku ano kulinso tizipangizo todziyezera wekha m'kamwa, ndipo kwa amene akudziwa kuti ali pa chiopsezo nthawi zonse, kuli PrEP, mankhwala omwa usanakumane ndi kachilombo. Mnyamata wokana kuyezetsa koma wofuna plain wakuuza kale zonse zimene ukufunika kudziwa za iye.

Achimwene amene mukuwerenga, nanu ndikulankhuleni pang'ono, chifukwa kondomu nthawi zambiri imakhala m'manja mwanu. Ija inaphulika ine inachokera m'waleti momwe inakhala nthawi yosadziwika, ikukhaliridwa ndi kutenthedwa. Kaya ndi Chishango kaya ndi za ulere za ku kiliniki, onani deti, sungani pozizira, musang'ambe paketi ndi mano. Finyani kansonga kuti mpweya utuluke musanaivale, ndipo ivaleni kuyambira pachiyambi, osati pakati pa ulendo. Vaselini, mafuta odzola ndi mafuta ophikira zimafooketsa mphira; pakauma gwiritsani ntchito mafuta ake opangidwira zimenezo. Kuvala ziwiri nthawi imodzi si kuwonjezera chitetezo, zimakhuzana n'kung'ambika. Ndipo ikaphulika, musamuuze mtsikana kuti akasambe. Valani nsapato mupite naye.

Chaka chachitatu ndinaona mbali ina ya nkhaniyi imene ndimavutika kuilemba. Mtsikana wina wa pa kolido yathu, wanzeru, wochokera m'banja losauka, ndalama zikamuthera pakati pa semesita ankathandizidwa ndi bambo wina wapabanja wa m'tauni. Ife tinkangoti chidyamakanda chake, n'kumaseka, koma iye ndi amene ankamulipirira lendi ndi chakudya. Bamboyo kondomu sankaifuna, ndipo amene akukudyetsa ndi wovuta kumutsutsa. Mimba italowa, anamupatsa ndalama n'kuzimitsa foni. Mtsikanayo anapita kwa munthu wina amene anauzidwa ndi anzake. Zimene anamuchita kumeneko sanatiuze zonse. Anadzitsekera m'chipinda masiku angapo akutaya magazi, mesho wake akumugulira Panado, onse awiri akuopa kuti akapita kuchipatala amangidwa. Pamene mesho uja anabwera kudzagogoda kwathu pakati pa usiku, mnzathuyo anali akutentha thupi, akunjenjemera, m'chipinda muli fungo. Asisi anali atapita kumaliro kwawo. Ndinapeza ndikulankhula mawu awo: valani, tiyeni. Tinamunyamula pa bulangete mpaka pa msewu.

Anapulumuka, ngakhale anagona m'chipatala nthawi ndithu ndipo chaka chimenecho anabwereza. Adokotala anati tikanafika kutacha, bwenzi nkhani ili ina. Pa nthawi imeneyo malamulo a dziko lino ankalola kuchotsa mimba pokhapokha moyo wa mayi uli pa chiswe, ndipo anthu amasiyana maganizo kwambiri pa nkhaniyi, sindinabwere kudzakutembenuzani. Koma kafukufuku amene College of Medicine inachita pamodzi ndi bungwe la Guttmacher Institute anayerekeza kuti m'chaka cha 2015 chokha, mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, ndipo pafupifupi 60 mwa 100 zilizonse zinadzetsa mavuto ofunika chipatala. Anthu amenewa si achilendo, ena timakhala nawo m'kalasi. Zipatala zimapereka chithandizo kwa mkazi amene wapita padera kapena amene mimba yachoka mwa njira ina iliyonse, ndipo ife titafika, chimene anathamangira ndi kumuika diripi, osati kumufunsa milandu. Mnzanu akamataya magazi ambiri osaleka, akatentha thupi, akamva kupweteka kwambiri m'chinena, akamatuluka zonunkha kapena akamachita chizungulire, musamusungire chinsinsi m'chipinda. Akwiye nanu ali moyo.

Ndinaonanso mtsikana wina amene anasunga mimba yake, analemba mayeso mimba ili kutsogolo, mwana anakamusiya kwa agogo ake, ndipo anamaliza. Sizinali zophweka, koma mimba si mapeto a sukulu, ndipo amene zakugwerani musadzione ngati mwatha.

Pali zina zimene sizichitika mwa kufuna kwa mtsikana. Mphunzitsi amene akukuitanira ku ofesi madzulo n'kumakukumbutsa kuti magiredi ali m'manja mwake akuphwanya lamulo lomwe lija la 2013, limene chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Sungani mauthenga ake, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Ndipo munthu amene waledzera mpaka osadziwa pamene ali sangavomere kugonana. Amene wagona naye wamugwirira, ngakhale akhale chibwenzi chake. Zikakuchitikirani, maola 72 omwe aja akuwerengedwa. Thamangirani kuchipatala kuti mulandire PEP ndi mapiritsi apangozi, ngakhale musanaganize bwino za kupolisi. Zipatala zina, monga Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, zili ndi One Stop Centre kumene achipatala, apolisi ndi aphungu amapezeka malo amodzi, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit.

Ngati kiliniki ya pa kampasi mukuiopa chifukwa pa benchi pamakhala anzanu a m'kalasi, malo ena alipo. Zipatala za boma zimapereka njira zolerera ulere, ndipo zambiri zili ndi tsiku kapena chipinda cha achinyamata. Kuli makiliniki a Banja La Mtsogolo ndi a FPAM, bungwe loona za kulera. Kuli Chipatala cha pa Foni, 54747, kumene ungafunse uli pabedi pako popanda wokuona nkhope. Polowa simufunika kufotokoza mbiri ya moyo wanu. Ingonenani kuti, "Ndabwera kudzamva za njira zolerera," kapena, "Kondomu inaphulika usiku wa dzana." Amazimva tsiku lililonse. Ndipo ngati miyendo ikulemera, tengani mnzanu wolimba mtima, makamaka amayi a mature entry amene mumawadutsa m'makolido aja. Ambiri a iwo njira imeneyi anaiyenda kalekale.

Impulanti yanga inatha nditamaliza kale sukulu ndipo ndikusaka ntchito, choncho ndinaikitsa ina. Yachiwiriyo sinafike zaka zitatu. Nditakwatiwa, ine ndi amuna anga, amene tinayezetsa limodzi tisanayambe n'komwe za ukwati, tinagwirizana kuti nthawi yakwana, ndipo ndinapita kukachotsetsa. Namwino anafunsa ngati ndatsimikiza, ndinati eya, anabaya dzanzi, kucheka pang'ono n'kukatulutsa. Patsala kachipsera kakang'ono. Msambo unabwerera mwezi wotsatira, ndipo chaka chisanathe ndinali nditayamba sikelo ya mwana wanga woyamba.